Atelala Amene Ankawerenga ndi Mapazi

Anthu ena mawu a Mulungu amawasunga m'mutu, ena mumtima. Atelala athu anawasunga m'mapazi, ndipo musaseke, chifukwa vutoli linawasautsa moyo wawo wonse.

Olakwa anali amalume awo. Iwo ndi amene anawaphunzitsa kusoka, ndipo poti analinso mphunzitsi wa madarasa wosakonda kutaya nthawi, ankaphunzitsa zonse pakamodzi: mapazi akupalasa makina osokera, pakamwa pakubwereza sura, mitu ya m'Buku lopatulika la Chisilamu. Mwana analoweza Bukulo ndithu, koma linalowa limodzi ndi kugogoda kwa makina. Mapazi akaima, mawu nawonso ankaima, ngati wina wazimitsa wailesi.

Kunyumba zinalibe kanthu. Akatha swala, pemphero la m'bandakucha, ankakhala pamakina n'kumawerenga, oyandikana nawo n'kudziwa kuti kwacha. Kumzikiti ndiye kunali zomvetsa chisoni. Anthu aima pamzere mwaulemu, phazi la Atelala lili pantchito, zala pansi chidendene m'mwamba, chidendene pansi zala m'mwamba. Abutchala, amene ankaima nawo pafupi, tsiku lina analiponda phazilo kuti likhale bata. Atelala anangoti kukamwa yasa mpaka swala kutha. Nkhani inafika kwa Shehe, ndipo Shehe atakanda ndevu anagamula kuti chala chachikulu chokha chizigwedezeka, bola chisakhudze mnzawo. Sura zazifupi zinkatuluka ndi chala chimenecho. Koma yaitali ija, imene anthu amawerengera omwalira, inkafuna makina enieni, ndiponso nsalu pansi pa singano, poti amalume aja ankamenya mwana wopalasa makina opanda kanthu.

Tsono tsoka lake, mawu okoma m'dera lonselo anali a Atelala omwewo. Akayamba, ngakhale munthu wouma mtima ankapukuta m'maso. Choncho anthu akabwerako kumanda, makina ankakwera wilibala kupita kunyumba ya maliro. Atelala ankatsinzina n'kuyamba. Akazi awo ankakhala tsidya lina la makinawo, kukoka nsalu kuti isakwinyike, ndipo ndi iwonso ankalowetsa ulusi m'singano, poti maso a bambowo anali atafooka. Sura ikatha, Atelala asanatsegule n'komwe maso ankati, "Dulani ulusi, mayi." Mayiwo ankaudula ndi mano, anthu n'kukweza manja kupempha duwa, ndiko kuti kupempherera womwalirayo.

Koma anthu mukuwadziwa. Sipanapite nthawi, olira anayamba kubwera kumaliro ndi timitolo m'khwapa. Uyu thalauza long'ambika kumatako, uyu yunifolomu ya mwana. Mkulu wina anapepesa anamfedwa misozi ili chuchuchu, kenaka n'kunong'oneza kuti, "Langa ndi zipi yokha, Atelala, mukafika pakati." Shehe anakalipa kwambiri pa ulaliki wa Lachisanu, koma mkanjo umene anavala pokalipapo unapindidwa pamaliro a apongozi a Abutchala, ndipo aliyense ankadziwa.

Akazi a Atelala sankadandaula pagulu. Kunyumba ndiko ankanena, akupukuta mafuta a makina m'manja.

"Bambo, ine makina amenewa ndawamva mokwanira. Ndinakwatiwa akulira, ndabereka ana akulira. Ndikadzafa mudzandiwerengere popanda phokosoli. Ndikufuna ndidzamve mawu anu okha."

"Mudzamva bwanji mutafa?"

"Zimenezo ndisiyireni ine. Inu lonjezani."

Analonjeza akuseka, poti ankaganiza kuti otsogola adzakhala iwowo. Koma anatsogola ndi mayi, atangodwala masiku ochepa.

Anthu atabwerako kumanda anadzaza pabalaza ndi pakhonde. Atelala anakhala pamkeka, kutali ndi makina, manja pamaondo. Anatsegula pakamwa, koma kunali zii. Anagwedeza chala chija, ndime yoyamba inatuluka, yachiwiri n'kukana. Thukuta linayamba kutsika. Anachita mantha enieni kuti mkazi amene anawakokera nsalu pamaliro a anthu onse apita wopanda sura yochokera kwa mwamuna wake.

"Ndiwerenge ndine," anatero Shehe motsitsa mawu.

"Mayi anati mawu anga," anayankha Atelala.

Abutchala, pofuna kuthandiza, analowetsa njinga yawo m'nyumba n'kuiimika pasitandi pakati pa balaza. "Iyi ilibe phokoso," anatero. Atelala anapinda mkanjo n'kukwera, anthu onse akuyang'ana pansi. Koma njinga imazungulira, pomwe makina amatsika n'kukwera. Mawu anatuluka othamanga, sura zosiyana zitalowana, mpaka Shehe anadzuka n'kugwira mabuleki.

"Ingopalasani makina, bambo," anatero mwana wamkazi wa Atelala akulira. "Amayi amvetsa."

"Amayi ako ukuwadziwa. Zinthu zotere sankamvetsa."

Kenaka Atelala anapita pamakina paja, nawerama, n'kuvula lamba amene amalumikiza gudumu la pansi ndi la pamwamba. Anadontheza mafuta m'mbali mwa chopondera n'kuyesa ndi phazi. Chopondera chinatsika n'kukwera, singano ili phee, osamveka kalikonse. Mayi wina amene anabwera ndi kamtolo anakakhalira msanga.

"Nanga nsalu?" anafunsa Abutchala.

"Amalume akandimenyera kumanda komweko," anayankha Atelala.

Anatsinzina, nayamba. Aka kanali koyamba anthu kuwamva mawu aja ali okha, ndipo anadabwa kuti anali okalamba chotero, onjenjemera m'malo ena amene makina ankabisa. Panalibe amene anatsokomola. Manja a Atelala ankangoyenda pathabwa, kukankha nsalu imene panalibe, kulunjika kumpando wa tsidya lija. Sanaphonye ndime ngakhale imodzi.

Atamaliza, mapazi anaima. Shehe anayamba kukweza manja, koma Atelala anali asanatsegule maso.

"Dulani ulusi, mayi," anatero, n'kudikira.