Waya Wanga wa Fodya pa Mlongoti wa Sitima

Senderani kuno, inu amene mumati gogo wa ku Chiosya nyanja sakuidziwa. Ine ntchito yanga yoyamba ya tikiti ndinaigwira pamadzi.

Agogo anu aamuna atamwalira, eni esiteti anati mayi wamasiye sangathe utenanti wa fodya. Mlamu wanga, yemwe ankaphika pa sitima ya katundu, anandipezera malo ochapa ndi kukolopa. Ndinanyamula chitenje, poto, ndi kamkombero ka waya amene tinkamangira mikangala, mitengo yoyanikapo fodya, m'chigafa.

M'sitimamo munali kachipinda ka wailesi, osati yomvera nyimbo, koma yolankhulira ndi kumtunda. Mwini wake anali a Chirwa, munthu wa tsitsi la imvi, wosaseka wamba. Anandiphunzitsa kupukuta fumbi osakhudza mabatani, ndi kuyang'ana ngati mitu ya mabatire yachita ndere. Kunja, waya wautali unkachoka pa mlongoti, kumapeto kwake kuli timazira tagalasi. Timeneti ndinkatipukuta ndi nsalu youma, chifukwa a Chirwa amati litsiro limaba mawu.

Tsono kunabwera uthenga woti bwana woyesa mawailesi afika. Lamulo lake linali lakuti wailesi itulutse mphamvu yokwanira, isalowerere njira za anzake, ndiponso iyake ndi mabatire okha injini itazima. Ikalephera chimodzi, sitima sichoka padoko, ndipo a Chirwa chiphaso chawo chipita.

M'mawa mwake ndinachapa zonse: makatani, mayunifolomu, nsalu za patebulo. Chingwe choyanikira chinadzaza. Ife a ku fodya tikaona waya wokungika, timaona poyanika. Ndinatenga waya wanga uja, mbali ina ndinakulunga pa waya wa mlongoti, ina pa chitsulo cha m'mphepete mwa sitima, kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinayanika makatani onyowa, n'kumadziyamikira.

Bwana uja anafika ndi kabokosi kokhala ndi singano. Ine ndinali pakhomo ndi chikolopa. Kuwerenga sindidziwa, koma ndinaona kuti singano iyenera kufika pa kamzere kofiira. A Chirwa anadina cholankhulira. Singano inangonjenjemera pansi pomwe. Anadinanso. Chimodzimodzi.

"Mphamvu ikubwerera m'makina," anatero bwanayo. "Wailesi iyi siyingaitane thandizo mwera ukakupezani pakati."

A Chirwa analumbira kuti dzulo lomwe inali bwino. Anamasula mawaya a kumbuyo, kupala, kumanganso, thukuta lili kamukamu. Akapitawo a sitima anayamba kuwalankhula mawu oti nkhalamba yatha ntchito. Bwana anatulutsa cholembera, nafunsa ngati pali chitsulo chilichonse chakhudza waya wa kunja.

Ndinakumbukira waya wanga uja. Ndikanena, ndibwerera ku Chiosya wopanda kanthu, ana atatu akundidikira. Ndikakhala chete, munthu amene anandiphunzitsa ntchito apita chifukwa cha makatani anga. Cholembera chinali chitagunda kale pepala.

Ndinagwada. "Bwana, musalembe. Kuli waya wanga kuseri kwa thanki."

Tonse tinapita. Nditatambasula dzanja kuti ndimasule, a Chirwa anandigwira mkono mwamphamvu, nati ndidikire akazimitse kaye wailesi, chifukwa waya ameneyo amawotcha mpaka fupa wailesi ikamalankhula. Ndinabweza dzanja. M'mawa muja ndinali nditaugwira ndi manja onyowa.

Atauchotsa, singano inalumpha mpaka pa kamzere kofiira. Anazimitsa injini, wailesi inayakabe. Bwana anasaina, osandiyang'ana n'komwe.

Akapitawo anafuna nditsike tsiku lomwelo. A Chirwa anati cholakwa n'chawo: anandiuza zopukuta timazira, osandiuza chimene timatchinga. Kuyambira apo, chinthu chimene sindikuchidziwa ndimayamba ndafunsa ntchito yake, ngakhale chioneke ngati cha kwathu.

Akapitawo aja anawasamutsira ku sitima ina. Mlamu wanga anabwerera ku Guilleme, akulima mtedza. A Chirwa anapuma ntchito ndi chiphaso chawo chili m'thumba, ndipo anagona kwawo kumpoto. Ine ndinachapa m'sitimamo mpaka ana atakula. Waya uja ndi uyo mwayanikapo zovala zanuyo.