Chingwe cha M'chiuno

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mu Juni 2003, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi. Anali apolisi awiri ndi mlonda wa pa esiteti. Anaodira bwinobwino, ndipo mkazi wanga anawapatsa mipando.

"Madala, ndinu munatsogolera maliro Loweruka lija?"

Ndinavomera. Tinaika mayi wina wa mumpingo mwathu m'manda a makolo ake. Mandawo ndi akale kuposa tiyi, koma lero ali pakati pa bulugamu wa esiteti, ndiye akampani anati tayamba kulanda malo. Atandikweza m'galimoto ndinapeza atatenga kale aphunzitsi, mlembi wa mpingo wathu, munthu wa ku Kasungu amene anabwera kuno pantchito. Ndi iwo anandiphunzitsa kuwerenga ku sukulu ya kwacha, imvi zitamera kale.

Ku polisi munthu salowa m'chitolokosi ndi lamba kapena zingwe za nsapato. Ine sindinkadziwa. Nditavula lamba, wapolisi anandipapasa m'chiuno, nagwira chingwe china mkati mwa malaya. Anakoka. Panatuluka kachithumwa, kakuda bii ndi thukuta.

"Mkulu wa mpingo," anatero, atakakweza kuti onse aone. "Kameneka kali pa chaputala chanji?"

Anzake anaseka. Aphunzitsi anayang'ana pansi.

Kachithumwako ndinakatenga kwa sing'anga ku Thekerani ndili kapitawo. Ndinali wouma mtima kwa othyola tiyi, ndipo ndinkaopa kuti andilodza. Pobatizidwa ndinasiya mowa, ndinasiya kutukwana, koma chingwe sindinamasule. Ndinkadziuza kuti mwini moyo ndi Mulungu, kameneka ndi mlonda wa pa geti chabe.

M'chitolokosi tinkagona chammbali pa simenti, ndowa ili pakona. Nkhani inali itafika kale. Anandipatsa dzina loti Abusa a Kachingwe. Kuzizira ndi fungo ndikanapirira. Chimene chinandisautsa chinali m'chiuno mopanda kanthu. Ndinkadziona wamaliseche. Ndinatsimikiza kuti ndifera momwemo.

Lachinayi ananditengera kwa wofufuza milandu. Ankafuna mayina a adzukulu, anthu amene anakumba manda aja. Ambiri a iwo ankagwira ntchito pa esiteti pomwepo, ndipo kuwatchula kunali kuwachotsa ntchito ndi kuwatulutsa m'nyumba za kampani. Ndinakana. M'chipindamo munali chidutswa cha payipi. Sizinatenge nthawi yaitali. Khutu langa lamanzere silimva bwino mpaka lero.

Atatopa, anatsegula dirowa, naika kachithumwa kaja patebulo.

"Ndaona mmene mukunjenjemerera, madala. Si payipiyi. Ndipatseni mayina, mutenge kanthu kanu. Kaganizeni, tionana mawa."

Payipi sinatsegule pakamwa panga. Koma nditaona kachingweko, mayina anafika palilime. Akanadikira pang'ono, ndikanawatchula.

Nditabwerera, ndinakhala pafupi ndi aphunzitsi. Chilowereni tinali tisanalankhulane.

"Aphunzitsi, mukundiona bwanji?"

"Ndikuona munthu wamantha, achikulire. Inenso ndili nawo."

Ndinawauza zonse. Sanandidzudzule. Baibulo tinalibe, ndiye anati ndiwafotokozere nkhani imene ndinayamba kuwerenga ndekha, ya amuna atatu amene anakana kugwadira fano la mfumu. Ndinafotokoza mmene anawaponyera m'ng'anjo, Mulungu n'kuwapulumutsa.

"Mwadumpha," anatero aphunzitsi. "Mumathamanga, ngati kusukulu kuja. Asanalowe m'moto ananena chiyani?"

Apo ndinakumbukira. Anauza mfumu kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa, koma ngakhale atapanda kuwalanditsa, sagwada. Nkhaniyi ndinali nditailalikira kangapo, koma nthawi zonse ndinkathamangira pamene akutuluka osapsa. Mawu a pakatiwo ndinkawerenga ndi pakamwa pokha.

Ndinayamba kuwasinkhasinkha. Anthu aja sanapangane kanthu ndi Mulungu. Sanasunge njira ina kuti iwathandize Iye akachedwa. Ine ndinkamukhulupirira mmene waganyu amakhulupiririra bwana: kugwira ntchito, koma diso lili pa munda wina. Zaka zonse ndinkaimirira kutsogolo kuuza anthu kuti adalire Ambuye ndi mtima wonse, wanga nditaugawa pakati. Pemphero langa tsiku limenelo linali lalifupi. Ndinati, Ambuye, ndikafa muno ndife ndili wanu.

Lachisanu wofufuza uja anaikanso kachithumwa patebulo.

"Mwaganiza?"

"Manda anakumba ndi mpingo, bwana. Mkulu wake ndine. Lembani ine."

Pasakhale woganiza kuti ndinalimba mtima. Ndinalankhula dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe. Anatenganso payipi. Atamaliza, anabwezera kachithumwa m'dirowa.

Anatitulutsa sabata yotsatira, osapita kukhoti. Anangoti akampani ausiya mlandu. Pakauntala anatibwezera malamba ndi zingwe za nsapato. Kachithumwa ndinakasiya pomwepo, koma wapolisi uja anakakankhira kwa ine.

"Tengani, abusa. Kuno sitisunga mankhwala a anthu."

Sindinakaike m'thumba. Ndinakanyamula m'manja, poyera, mu minibasi mpaka ku Luchenza, aphunzitsi ali pambali panga. Kunyumba ndinakaika pamaso pa mkazi wanga.

"Ndinkakadziwa, bambo," anatero. "Ndagona nanu pamphasa imodzi zaka zonsezi."

"Bwanji osanena?"

"Ndikanamasula ine, mukanakatenga kena."

Lamulungu ndinakatentha kuseri kwa tchalitchi, mpingo ukuona, ndipo ndinapempha kuti ndikhale kaye pabenchi yakumbuyo. Adzukulu aja anakhala nane pomwepo. Sadziwa kuti mayina awo anafika pati. Akawerenga izi adziwa.

Anthu amandifunsa mmene ndinamvera potuluka. Dzuwa ndinalikonda, madzi osamba ndinawakonda, koma ufulu wa pachipata cha polisi unali waung'ono. Ndinali womangidwa kalekale asanabwere kudzaodira pakhomo panga, ndipo chingwecho ndinadzimanga ndekha. Mantha sanathe. Mpaka lero ndikadwala malungo, kapena kadzidzi akalira padenga, dzanja limapita lokha m'chiuno. Limapeza palibe kanthu. Ndimachita manyazi, kenako ndimapemphera.