Ulendo Wokabweza Wotchi ku Balaka

Ndinanyamuka kwathu kuseri kwa Kasupe Lolemba kukungocha, pa njinga yobwereka kwa amalume, wotchi ya bambo ili pamkono panga. Ndinkapita ku Balaka kukaiponya pamaso pa mmwenye amene anandigulitsa.

Ine sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 2 nditamenyana ndi mphunzitsi. Bambo anga, amene ndi akatekisiti, anachita nazo manyazi, ndipo ndinathawira ku Halale zaka zinayi. Pobwerako, nditatsika sitima pa Balaka, ndinawagulira wotchi yamtundu watsopano, yosafuna kuwayinda ndi zala. Pakamwa panga pepani satuluka msanga, ndiye pepani wanga anali wotchiyo. Bambo anailandira ndi dzanja limodzi, ngati akulandira fodya kwa munthu wapanjira. Zinandiwawa, komabe ndinagwada n'kuwaveka kumanzere, mmene ndinkaonera azungu.

Ntchito yawo ndi kuimba chitsulo cha njanji chopachika mumtengo wa mango, kuitanira anthu ku mapemphero. Zaka zonse ankayang'ana dzuwa osalakwa. Atakhulupirira wotchi yanga anayamba kuchedwa, mpaka Lamulungu lina bambo mfumu anafika kuchokera ku mishoni n'kupeza tchalitchi chili chotseka. Akuluakulu a mpingo anayamba kunong'onezana zoti chitsulo apatsidwe wina.

Pa boma ndinaima pa positi ofesi kuti ndifananize ndi wotchi yapakhoma. Yanga inali itatsalira theka la ola. Kalaliki anandithandiza kuikonza, kenaka n'kuseka.

"Yokongola ndithu, achimwene, koma ikuyenda ngati mkamwini wopita kumunda kwa apongozi."

Ndinamuyang'ana pakhosi, koma zenera lake linali ndi zitsulo.

Kutsetsereka phiri kunali kwa mabuleki ndi chidendene. Ndinafika pa Liwonde cha m'ma naini, pantoni yowolotsa anthu pa Shire ili tsidya lina. Podikira ndinagula chinangwa chophika ndi mlamba wowamba, makobiri awiri. Mayi wogulitsayo anaona chonyezimira pamkono panga.

"Nthawi ili bwanji, bwana?"

"Musaikhulupirire iyi, mayi. Ndi yabodza."

"Nanga mwaivaliranji? Ine wabodza ndinamusiya kalekale, ali kwa amake ku Ntaja."

Pantoni itabwera ndinathandiza amuna kukoka chingwe, osati chifukwa cha ulemu, koma kuti tifulumire.

Msewu wa ku Balaka ndi dzuwa, milambe ndi minda ya thonje. Tayala lakumbuyo ndinalipopa katatu, ndikulitukwana katatu konseko. Ndinalowa m'tauni cha m'ma thu n'kuthamangira ku siteshoni, kuti ndikakhale ndi umboni. Wotchi yaikulu inati thu kupitirira mphindi khumi. Yanga inatinso chimodzimodzi. Ndinapsa mtima koposa. Inali ngati mwana wodwala amene wafika pachipatala n'kuyamba kusewera.

Mmwenye sanalole kuti ndimalize kukalipa za wotchi ya bambo anga. Anangoloza pakhonde, pamene panakhala mkulu wina wachiyao wokonza mawotchi ndi magalamafoni, dzina lake Che Mbwana.

"Khalani pansi, mwanangu. Wotchi siimva kukuwa," anatero. "Anaigwetsapo?"

"Iyayi."

"Inalowa madzi?"

"Iyayi!"

Anaigwedeza pafupi ndi khutu langa, ndipo ndinamva kanthu kakuzungulira mkati.

"Kachitsulo kameneko ndiko kamaiwayinda. Mkono ukamayenda, wotchi ikudya. Lero mwaikhutitsa ndi njinga yanuyo. Ikagona ndi njala imafooka, kuima, n'kudzayambanso munthu akaigunda. Kapena akuluwo amaisunga m'bokosi, kuvala Lamulungu lokha? Ambiri amatero."

"Savula. Ngakhale pogona."

"Amavala kuti?"

"Kumanzere."

"Mkono umenewo amagwira nawo ntchito yanji?"

Maganizo anga anabwerera kumudzi. Ndinaona bambo atakhala pakhonde, chipewa chitaphimba dzanja pabondo. Ndinaona mayi akuwamanga mabatani a jekete, ine n'kumaganiza kuti ndi chikondi cha ukalamba. Khasu analisiya, akuti msana. Ndipo tsiku lija wotchi anailandira ndi dzanja limodzi chifukwa linatsala limodzilo. Miyezi iwiri ndili pakhomo, ndinkangoyang'ana wotchi, osaona mkono umene inalipo.

Che Mbwana anayamba kupukuta galasi lomwe linali loyera kale, kuti ndipukute m'maso mwanga osaonedwa.

"Akavala kumanja, za wotchi zatha," anatero chapansipansi. "Koma mkonowo mupite nawo kuchipatala. Usamangokhala."

Anakana ndalama. Akuti sanakonze chilichonse.

Ndinagona kwa mbale wathu wina wa pa njanji, m'mawa n'kubwerera. Pa Liwonde mayi uja anakuwa, "Wabodza uja mwabwera naye?" Ndinamuuza kuti ndi wosalakwa. Phiri ndinalikwera chokankha njinga, ndikuganiza. Bambo ndimawadziwa. Munthu amene anabisa mkono kwa mpingo wonse sakanalola kuti mwana wothawa sukulu amumvere chisoni.

Ndinawapeza pakhonde dzuwa litapendeka, chipewa pamalo pake.

"Mmwenye wati chiyani, Fabiano?"

"Wati wotchi ndi yabwino, bambo. Koma mtundu umenewu umafuna mkono uzigwedezedwa m'mawa ndi madzulo. Pamafunika munthu wachiwiri."

Za kumanja sindinatchule. Mayi, amene ankapeta mpunga, anasiya kupeta.

"Ngati ndi za wotchi," anatero bambo, "chabwino."

Anachotsa chipewa okha. Dzanja linali lozizira, lopepuka ngati la mwana. Ndinawaveka wotchi, n'kuyamba kukweza mkono ndi kuutsitsa pang'onopang'ono, kupinda chigongono, kuwongola zala.

Lachinayi ndinawakweza pa njinga kupita kuchipatala cha mishoni, ndipo anatiuza kuti tipitirize zomwezo. Chitsulo chikulirabe m'manja mwawo, pa nthawi yake. Ndinapalasa ulendo wonsewo kufuna munthu womukalipira, koma wochedwa ndinali ine.

Madzulo oyamba aja pakhonde, nditamaliza kuwagwedeza mkono, bambo anatenga dzanja lamanja n'kuliika pamwamba pa langa, lamanzere lili pansi. Mphatso yanga anailandira ndi manja awiri.