Bambo afunsa za lipenga lawo

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kunabwera gulu loimba malipenga pabwalo la mpira ku Nsaru. Kuonera kunali kwaulere, ndiye ndinawatenga bambo pa kabaza.

Mukudziwa kuti chimwalirire mayi, bambo salankhulalankhula. Koma itangoyamba nyimbo ija bambo ankaimba ndi lipenga lawo m'maukwati ife tili ana, ndinaona zala zawo zikuyenda pandodo ngati akudina lipenga, osaphonya. Ndinakumbukira mmene tinkathamangira pambuyo pawo, fumbi lili koboo, mayi akutikalipira kuti tidetsa zovala.

Pobwerera anandigwira paphewa. "Kodi langa lija lilipo?"

Lilipo m'sutikesi ya mayi, koma mabatani anauma ndi dzimbiri. Achimwene, achemwali, tikalikonzetse ku tauni? Ndikungoopa kuti mpweya ukawakanika, tiwapweteka mtima. Mukuona bwanji?