Ufa wa M'chitini m'Munda wa Mainess

Mainess Sakala anafika ku Kalingalinga kuchokera ku Katete mu 1969. Ntchito ya m'tauni sanaipezepo. Anaswa kamunda ka mbatata, imene kumeneko amati kandolo, m'mphepete mwa dambo kuseri kwa komboni, ndipo ana ake asanu ankadya za m'menemo. Ankalima monga alimira kwawo: pounga mizere ankakwirira udzu m'kati, kuti mvula ikagwa uwole, dothi lide.

Mwamuna wake, Whyson, ankasamalira maluwa kwa mzungu wina ku Kabulonga. Mzunguyo pobwerera kwawo anamusiyira chitini cha ufa wophera chiswe. Whyson anachimangirira panjinga, nadutsa nacho pamsika kuti anthu aone.

"Amake Anna," anatero pofika, "vinankafumbwe va mu kandolo yanu vasila lelo."

"Chamene chipaya vonse chizasiya chani?" anafunsa Mainess.

"Imwe kusukulu munafika giledi bwanji? Ni mankhwala ya bazungu iyi."

Lamlungu, Mainess ali kutchalitchi, Whyson anakawaza ufawo ndi manja m'mizere yonse, osayeza, mpaka chitini chinatha.

Pokumba m'mwezi wa Meyi, khasu linatulutsa udzu uja uli wathunthu, wotuwa, wonanda ngati tsitsi lotsekera ngalande. Nyongolotsi panalibe, ngakhale bongololo mmodzi. Fungo lake linali la m'chimbudzi cha kuchipatala. Mainess analavula, napukuta manja pachitenje, nalavulanso. Kandolo anatuluka wosalala ndithu, koma wowonda ngati zala.

"Onani, palibe chiboo olo chimozi!" anakuwa Whyson.

"Mudye mweka. Bana banga sibazalawa."

Pamunda woyandikana panali a Ngosa, amene ankatsuka mabotolo a ophunzira zanthaka ku yunivesite. Anatapa dothi, nalinunkhiza, nalitaya msanga, natembenukira kwa Whyson.

"Ba Sakala, mu dothi muli tudoyo, tuzilombo tosaoneka na maso, ndiye tumaolesa udzu. Mwapaya bantchito pamozi na bakawalala."

"Vizabwela liti?" anafunsa Mainess.

"Kaya, mayo. Ufa iyi siichoka msanga."

Chaka chimenecho ana anapita kusukulu m'mimba muli tiyi yekha. Whyson sanapepese, ankauzabe anzake kumowa kuti amene anagonjetsa nankafumbwe ndi iye.

Mvula itayandikira, Mainess anasiya munda umene anaudyetsa udzu zaka khumi. Anakaswa wina pamiyala, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Whyson anafunsa kangapo kuti uli kuti, koma Mainess sanamuuze.