Mkono wa aNaphiri ndi chigayo changa

Chaka chimene kachewere wanga anaolera m'matumba m'mbali mwa msewu ku Kaphuka, ogula akungodutsa, ndinauza achimwene anga a Yohane kuti ndikupita ku Joni. Mwamuna wanga anali atamwalira, ana awiri ali pasukulu. Achimwene anati, "Munthu wamkazi, nokhanokha? Anthu adzati chiyani?" Ndinawayankha kuti anthuwo akamaliza kunena adzagule mbatatayo. Ana ndinawasiya kwa amayi, ine n'kukwera basi.

Ku Joni ndinkachapa ndi kukolopa m'nyumba za eni. Ndisaname, ndinasungulumwa. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo Lamulungu ndinkapita ku Misa kuti ndingomvako anthu akuimba, ngakhale chinenerocho sindinkachimva. Mauthenga a kumudzi ankayamba ndi moni n'kuthera pa feteleza. Ndinkatumiza ndithu, koma zina ndinkasunga, mpaka tinaimika chigayo pa Mayani, achimwene n'kumachiyang'anira.

Za inshuwalansi ndinaziona konko. Abwana anga ena anali ndi shopu. Kasitomala ataterereka n'kuthyoka mwendo, kampani ndiyo inalipira chipatala. Ndinaumiriza achimwene kuti nafenso tidule yotero, yoti munthu akavulala pachigayo kampani imuthandize. Iwo ankati n'kutaya ndalama m'chitsime, koma ine ndinkalipira chaka ndi chaka.

Foni ya achimwene inandipeza ndikusita malaya. "Achemwali, kuno kwagwa ngozi. Lamba wa chigayo wakoka aNaphiri." ANaphiri ndi mayi amene ndinkaimba nawo kwaya kuyambira tili atsikana. Anali atagwirira thumba lawo kuti ufa uzigweramo, monga achitira aliyense wodzagayitsa. Chitenje chinakodwa, mkono n'kutsatira. Kuchipatala anaudula m'chigongono.

Kampani inakana kulipira. Inati munthu wogwira thumba pamakina akugwira ntchito ya pachigayo, ndiye si kasitomala koma wantchito, ndipo antchito sitinawadulire inshuwalansi. Nditamva zimenezo ndinatsanzika kwa abwana, ndinalongedza.

Ndinkaganiza kuti ndikapeza mudzi wonse utakwiyira kampani. Ndinaupeza ukukwiyira ine. Pamsika ankanong'onezana kuti chigayo cha ndalama za ku Joni sichiyendera dizilo yekha, chimafunanso magazi. Ena anali atayamba kale kusenza chimanga kupita nacho kuchigayo chakutali. Achimwene anali ataonda, maso ali m'kati.

"Zisiyeni, achemwali," anatero. "Tigulitse chigayochi, tiwapepese aNaphiri, zithe. Anthu a m'tauni aja sitingalimbane nawo."

"Zimbudzi za eni ndatsuka ndili chete," ndinawayankha. "Pa izi zokha sindikhala chete."

Loya amene ndinamupeza ku Lilongwe anandiuza njira yake: aNaphiri andisumire ine, ndipo ine ndikokere kampani m'mlanduwo. Ndinapita kukawauza aNaphiri. Ndinawapeza pakhonde akusenda mbatata, ataipana ndi mawondo.

"Ndikusumireni inu?" anadabwa. "Munthu woti tinalandira limodzi Ukalistia woyamba?"

"Mukandileka ine, ndiye kuti mwawaleka a kampaniwo."

Anaika mpeni pansi. Kenaka anati, "Akuti ndinali wantchito wanu? Chabwino. Ndikufuna akanene mawu amenewo akundiyang'ana. Tiyeni."

Mlandu unakoka nthawi. Tinkakwera minibasi imodzi, wosuma ndi wosumiridwa pampando umodzi, kugawana chimanga chootcha. Nthawi zina tinkafika kukhoti n'kuuzidwa kuti loya wa kampani wadwala, tibwerenso. Tinkabweranso. Tsiku lina bambo wina wa kukampaniyo anandiitanira pambali, nati angatipatse kangachepe ka chifundo, bola tivomere kuti nkhani yatha ndipo iwo alibe mlandu. Ndinamuuza kuti chifundocho akaponye m'mbale ya chopereka, ife tabwerera zimene analonjeza.

M'khoti loya wathu anafunsa mboni ya kampani ngati pogulitsa inshuwalansiyo anawauzapo achimwene kuti wogwirira thumba lake amasanduka wantchito. Mboniyo inati ayi. Woweruza anagamula kuti aNaphiri anabwera kudzagayitsa chimanga chawo ngati wina aliyense, choncho kampani ilipire. Inazengerezabe, mpaka loya anachita kuiopseza kuti atumiza olanda katundu. Pamenepo m'pamene inalipira.

Mkono sunabwerere. ANaphiri anafolera nyumba ndi malata, ndipo m'munda amalemba aganyu. Lamba uja tinamutchinga ndi zitsulo mbali zonse.

Abwana a ku Joni anandiimbira kuti malo anga akadalipo. Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti apeze wina. Zaka zonse zimene ndinali kumeneko ndinkalota kwathu ngati malo opumulirako, kumene munthu sachita kufotokoza kuti iye ndani. Ndadzaona kuti kuno n'chapafupi anthu kukhulupirira kuti mkazi wamasiye anakhwima kusiyana n'kukhulupirira kuti kampani ya m'tauni ingagonje kwa amayi awiri a kumudzi. Mpaka lero alipo amene amadutsa pachigayo panga matumba ali pamutu, nkhope atatembenuzira kumsewu. Ine ndimatuluka, ufa uli mbuu m'tsitsi, n'kuwapatsa moni mokweza, kuwatchula ndi dzina lomwe. Ndimaima pomwepo mpaka ayankhe.