Chifuwa Chopanda Kutsokomola

Msana unandiyamba mu Novembala, sabata imene tinagula feteleza wa makuponi. Ndinasenza thumba kuchokera pamsewu mpaka kwathu kwa Wimbe, ndipo kutacha ndinalephera kuwerama. Tonse tinati ndi thumba lija. Apongozi anga anandithowa ndi madzi otentha, kenako ananditema mphini m'chiuno. Mwana wanga Tadala anali akuyamwa, ndipo ndinkamuberekabe molimba mtima.

Pofika nthawi yothyola fodya ndinali nditaonda, ndikamagona thukuta lili kamukamu. Pakati pa msana panatuluka kafupa ngati mfundo ya nsungwi. Fodya ndinkasoka nditatsamira mzati wa chigafa. Tsiku lina miyendo inachita dzanzi, ndinagwa mwana ali kumbuyo. Apa m'pamene amuna anga anandikweza pangolo.

Kuchipatala tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atandijambula, adokotala anati, "Mayi, muli ndi chifuwa chachikulu." Ndinapsa mtima. Chifuwa chanji, ine osatsokomolapo n'kamodzi komwe? Mapiritsi ndinalandira, koma ndinkaganiza kuti asokoneza chithunzi changa ndi cha munthu wina.

Ndinamwa m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu. Mkodzo unafiira monga anandichenjezera, koma mwezi unatha msana ukuwawa chimodzimodzi. Kutembenuka pamphasa kunali kulira. Tsiku la sikelo ndinanyamula mapiritsi otsala, n'kukawaika patebulo pa anamwino kuti apatse anthu otsokomola.

Anamwino sanakalipe. Anati, "Amayi a Tadala, dzinalo lisakupusitseni. Kachilombo kake n'komweko, koma inu kakudyani fupa la msana. Fupa limachedwa kupola, n'chifukwa chake ululu sukutha msanga. Mukasiya mankhwalawa, miyendoyi simudzayendanso nayo. Ndipo mwanayo musamuberekenso."

Mawu omalizawo anandiwawa kuposa msana. Tadala ankakwawira kumbuyo kwanga, n'kumakoka chitenje kuti ndimubereke, ine ndikumukankha. Ndinkalira, sindibisa. Koma mapiritsi aja ndinabwerera nawo, ndipo sindinadumphitsenso tsiku. Dzanzi linayamba kuchoka fodya atapita kumsika. Ululu unatsalira, unkachepa pang'onopang'ono mpaka ndinamaliza mankhwala patatha pafupifupi chaka.

Lero ndikuyenda ndekha. Kalinunda kanatsala, kukazizira msana umandikumbutsa, ndipo khasu ndi thumba ndinasiyira ena. Anzanga, msana ukakana kuthowa, thupi likutha, pitani kuchipatala miyendo ikadali yanu. Musadikire kutsokomola, ndipo musasiye mankhwala chifukwa ululu wachedwa kutha.

Tadala sindinamuberekenso. Anaphunzira kuyenda nthawi imene ine ndinkaphunziranso, tonse titagwira khoma limodzi la nyumba yathu. Lamulungu timapita kutchalitchi wapansi, iye atagwira chala changa, ndipo ndikaima kuti ndipume amaima nane.